Masikuluwu a kapini pakati pa joystick yakale: dirilu iyambe yadikira

Funso: Ndagula makina akale a masewera a arcade, aja a kabati yaitali oponya ndalama yachitsulo, opangidwa m'zaka za m'ma 1980. Joystick yake ndi ija yogwira ndi chikhatho chonse, yokhala ndi batani lowombera pa chala chamkombaphala, koma batanilo silikugwira ntchito. Ndikufuna nditsegule chogwiriracho ndione mawaya. Vuto n'lakuti masikuluwu ake ali ndi mutu wa nyenyezi wokhala ndi kapini pakati, moti palibe sikuludiraiva yomwe ikulowa. Ndinakakamiza ndi yafulati yaing'ono mpaka imodzi mutu wadyeka. Pamwamba pa bolodi lomwe joystick yamangidwapo palinso mabauti anayi a mitu yosalala, opanda polowetsa chilichonse. Mnzanga akuti ndingoboola onse ndi dirilu nkhani ithe. Nditero?

Yankho: Ayi bambo, dirilu muisiye kaye m'bokosi mwake. Pa zinthu zonse zili pa joystick imeneyo, sikuluwu ndiyo yosasowa, ina mutha kuipeza mosavuta. Chimene simungachipeze msanga ndi pulasitiki ya chogwiriracho, yomwe yatha zaka pafupifupi 40 ikulimbana ndi kutentha ndi thukuta la anthu, komanso chikopa cha zithunzi chija chinamatidwa pamwamba pa bolodi. Biti ya dirilu ikaterereka kamodzi kokha pamutu wozungulira, imakalemba mzere pa zinthu ziwirizi, ndipo mzerewo sufufutika. Sikuluwu iwonongeke ngati palibe kuchitira mwina, koma zoizungulira zisakhudzidwe.

Ndisanafike ku masikuluwuwo ndikufunseni: mwatsimikiza kuti vuto lili m'kati mwa chogwirira? Pa ma joystick amtunduwu mawaya a batani amatsika kudzera m'kati mwa mpini wachitsulo n'kukatulukira kunsi kwa bolodi. Potulukirapo ndi pamene amapindika nthawi iliyonse wosewera akakankha ndodo, ndipo kawirikawiri amadukira pomwepo, kunja kukuoneka bwinobwino koma kopa wam'kati atalekana. Zulani pulagi kukhoma, tengani multimeter, chida choyezera magetsi, muitchere pa kulira (kuti izilira mawaya akalumikizana), gunditsani pa mawaya awiri a batanilo kunsiko, kenako dinani batani kwinaku mukugwedeza mawayawo ndi chala. Ikamalira n'kumadukiza, waya ndiye waduka, ndipo mwina mulumikiza kunsi komweko, a nyenyeziwo osawakhudza n'komwe. Ikangoti zii ngakhale mugwedeze bwanji, pamenepo m'pamene tilowe m'chogwirira.

Kuti mufike kunsi kwa bolodi, pa makabati ambiri a nthawi imeneyo mumatsegula chitseko cha ndalama, kulowetsa mkono m'mwamba n'kupapasa zokowera ziwiri, china kumanzere china kumanja. Mukazimasula bolodi limatukuka. Samalani komwe mkono ukupita. Sikirini za makinawa ndi zija za chubu, zimayenda ndi mavolti ofika 20,000 kapena kuposa, ndipo zimatha kusunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa. Waya wonenepa uja wothera pa kapu ya labala kumsana kwa chubu musamugwire. Ntchito yanuyi sikufuna kuti mufike kumeneko.

Mukatukula bolodi muona kuti mabauti anayi osalala aja si ovuta ayi. Kunsi kwa mutu ali ndi khosi la ngodya zinayi lomwe limakhazikika m'bowo kuti bauti lisazungulire, ndipo amamasulidwa ndi nati kunsi. Pa makina opangidwa ku America manatiwa nthawi zambiri amafuna soketi ya 3/8 kapena 11/32 ya inchi. Pa a ku Japan yembekezerani mamilimita 7 pa bauti la M4 (lonenepa mamilimita 4) kapena 8 pa la M5 (lonenepa mamilimita 5). Tengani soketi yakuya chifukwa mabautiwa amatsala aatali kupyola nati. Amavuta pamene thabwa linanyowapo n'kufufuma, khosi lija n'kutaya pogwira, ndiye bauti limangozungulira limodzi ndi nati. Dinikizani mutu ndi chala chachikulu, mutaika kachidutswa ka labala pakati. Zikakanika, gwirani nsonga ya bauti kunsi ndi pulayazi yotsekera, muzungulize nati ndi sipanala mpaka itafika pa pulayaziyo. Apo ikhala italefuka kale. Jambulani mawaya ndi foni musanazule aliyense, chotsani joystick yonse, mukaigwirire ntchito patebulo poyala nsalu. Pakabati pomwepo munthu umagwira chopendekeka, ndipo m'pamene zida zimaterereka.

(Kwa amene ali ndi joystick ya kampira pamwamba: za makampani a Wico ndi Happ ndodo imatuluka mukachotsa kakilipi kooneka ngati chilembo E kumunsi kwake, pomwe za Sanwa kampirako kamamasulidwa mutagwira mng'alu wa kunsi kwa ndodo ndi sikuludiraiva yafulati. Palibe choboola pamenepo.)

Tsopano a nyenyezi aja. Opanga ankawaika pokhapokha pamene dzanja la wosewera limafika, chifukwa makinawa ankaima m'maholo modzaza anthu, ndipo sikuluwu wamba aliyense akanaimasula ndi kampeni ka m'thumba. Si loko ayi, ndi mutu chabe wofuna chida chakechake, ndipo chidacho chinkaperekedwa kwa mwini makina. Mabuku a makina ambiri a kampani ya Sega amatchula makiyi otere, a M4 ndi M5, pa mndandanda wa zinthu zobwera ndi kabati. Choncho yambani mwaunika m'bokosi la ndalama ndi pansi penipeni pa kabati, m'fumbi muja. Kiyi wopindika wokhala ndi kabowo kunsonga akapezeka, mwapata.

Musanagule chida chilichonse, tsukani mitu. Unikani ndi tochi pafupi, muona kuti m'kati mwa nyenyezimo mwadzaza phala lakuda lolimba, la litsiro la m'manja, fumbi ndi zakumwa zomwe zinatayikira n'kuuma. Nthawi zina limafika theka la kuya kwa mutu. Tengani singano muzikolokosa mphanda iliyonse kuzungulira kapini, dontheza spirit pang'ono, pukutani ndi mswachi wakale mpaka muone chitsulo pansi. Anthu ambiri amadya mitu ndi biti yolondola kumene, chifukwa yakhala pamwamba pa litsiro n'kumagwira milomo yokha.

Mukatsuka werengani nsonga. Zikakhala 6 ndi kapini pakati, imeneyo ndi Torx yotetezedwa, imene pa mapaketi amailemba kuti Security Torx, kapena kuwonjezera H kapena TR pa nambala. Torx inayambitsidwa ndi kampani ya Camcar Textron mu 1967, ndipo ya kapiniyi ndi yomweyo, kungoti biti yake ndi yoboola pakati. Zikakhala 5, ndi Torx Plus yotetezedwa, biti ya nsonga 6 singalowe ngakhale mumenye. Bowo likakhala la makoma 6 owongoka ndi kapini, ndi Allen yotetezedwa. Palinso ya timabowo tiwiri pamutu wosalala, ndi ina ya mng'alu wosemedwa motsetsereka moti sikuludiraiva imagwira pomanga koma imaterereka pomasula. Ogulitsa ena amakukakamizani mabiti otchedwa tri-wing ndi gamebit ya mamilimita 3.8 ndi 4.5 pongomva kuti ndi za masewera. Zimenezo ndi za makina a m'nyumba a Nintendo ndi makatiriji ake, pa joystick yanuyo sizikuthandizani.

Kusankha saizi ndi pamene ambiri amagwera. Pa makabati mumapezeka kwambiri masaizi a Torx otchedwa T15, T20, T25 ndi T27. Kuchokera nsonga kufika nsonga, T20 ndi mamilimita 3.86, T25 ndi 4.43, T27 ndi 4.99. Kusiyana kwake ndi theka la milimita basi, ndiye biti yaing'ono imalowa m'mutu waukulu n'kumaoneka ngati yagwira. Maseti ambiri otchipa amadumpha T27, choncho munthu amatenga T25, amazunguza, mutu n'kuthera pomwepo. Yambani ndi biti yaikulu muzitsika, ndipo yoyamba kulowa mpaka pansi ndiyo yake. Igwedezeni ndi zala, isasewere. Pa Allen vuto ndi mainchi ndi mamilimita: 1/8 ya inchi ndi mamilimita 3.18, ndiye kiyi wa mamilimita 3 amalowa momasuka n'kusalaza makoma. Makina a makampani a ku America a Atari, Williams ndi Bally Midway, monga Tron wa 1982 uja wa chogwirira cha buluu choonekera m'kati, amayendera mainchi. Opangidwa ku Japan amayendera mamilimita. Koma muone chikwangwani cha kumbuyo kwa kabati, osati dzina la masewera. Pac-Man wa 1980 ndi wa Namco, koma makabati ake a ku America anapangidwa ndi Midway. Pa a ku Japan mudziwenso kuti masikuluwu a mtanda am'kati nthawi zambiri ndi a muyezo wa ku Japan wotchedwa JIS, ena ali ndi kadontho pamutu, ndipo sikuludiraiva wamba ya mtanda, ya Phillips, imakonda kudumphamo.

Biti yoboola pakati ndi yofooka kuposa yathunthu, ndiye apa musaumire ndalama. Zotchipa zimapotoka nsonga, kapena kabowo kake kamakhala kosaya moti kapini kamagunda pansi biti isanakhale. Vuto lina n'lakuti pa zogwirira zambiri sikuluwu imakhala m'kati mwa dzenje lopapatiza, ndipo chogwirira mabiti cha 1/4 ya inchi sichilowa. Mukakakamiza chimang'amba mlomo wa dzenjelo. Gulani kiyi wopindika, biti yaitali yowonda, kapena sikuludiraiva yathunthu ya saizi imeneyo. Ndipo muzungulize ndi dzanja. Sikuludiraiva ya batire imathamanga kuposa momwe dzanja lingamvere kuti chinachake chalakwika.

Yambani ndi ija mwaidya mutu, anzake akadali omanga. Ambiri amaisiya komaliza, koma mbali ziwiri za chogwirira zimafuna kutakasuka, ndipo mukachotsa enawo mphamvu yonse imatsalira pa yovulalayo. Musaitaye mtima msanga. Sikuludiraiva yafulati imawononga kwambiri milomo yapamwamba, pansi mphanda zimakhala zikadalipo. Ngati kapini kapindika, kawongoleni pang'onopang'ono ndi nsonga yowonda kuti biti idutse. Ikani chogwiriracho pa thabwa loyalidwa nsalu, mbali yakunsi kwa sikuluwu itakhazikika bwino, lowetsani biti, igogodeni mopepuka ndi mpini wa sikuludiraiva, osati hamala. Kapesiti pang'ono kopalira mavalavu a injini kakapakidwa kunsonga kwa biti kamathandiza kugwira. Dinikizani pansi ndi mphamvu yambiri kuposa yozunguzira. Yambani mwakankhira komanga pang'ono chabe, kuti dzimbiri lisweke, kenako bwererani komasula. Mukamva kuti "tswa", yagonja. Mukamva biti ikukwera m'mwamba, imani pomwepo, musayesenso kachiwiri mwanjira yomweyo.

Pali chizindikiro china choti muime. Sikuluwu ikamazungulira mofewa koma osakwera, ndiye kuti nati kapena kachitsulo ka matiredi komwe kanakwiriridwa m'pulasitiki mbali inayo kakuzungulira nayo. Mukapitiriza kamakuza dzenje lake. Yang'anani mbali inayo: nati ikamaoneka, itsekerezeni ndi nsonga yowonda. Ikakhala yobisika, lowetsani kapulasitiki kopyapyala pamsoko wa mbali ziwirizo kuti kazikoka pang'ono uku mukuzunguza. Chitsulo pamsokopo ayi. Pulasitiki yakale imasweka ngati chigoba cha dzira.

Za mafuta ndi moto ndinene mosamala, chifukwa malangizo a amakaniko a galimoto amapweteketsa pano. Mafuta olowerera dzimbiri amathandiza, koma musapopere. Thirani pang'ono m'kachivindikiro, tengani dontho ndi singano muliike pansi pa mutu kapena ku matiredi, musiye usiku wonse. Mafuta ena amang'ambitsa pulasitiki ya polycarbonate, ndipo akalowa pansi pa chikopa cha bolodi amasungunula guluu. Kutenthetsa mutu ndi soldering iron kumagwira ntchito pamene sikuluwu yalowa m'chitsulo chokhachokha. Ngati wina anapakapo Loctite yofiira, mankhwala omatira matiredi kuti sikuluwu isamasuke, imafuna kutentha kwa pafupifupi madigiri 250 kuti ilefuke, pomwe pulasitiki ya ABS imayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 105. Ndiye pa chogwirira, moto uiwaleni.

Ena amati ingothyolani kapini kuti Torx wamba ilowe. Zimatheka. Pa sikuluwu ya chitsulo cholimbitsidwa kapini kamathyoka mukakapendeketsa uku ndi uku ndi kansonga. Pa ya stainless kamangopindika n'kutseka njira, zinthu n'kuipiraipira. Njira yaukhondo ndi kukapala ndi kabiti ka dayamondi pa Dremel, kamakina ka m'manja kodulira ndi kupalira. Ine ndimaona kuti kudikira biti yoyenera masiku angapo kuli bwino kuposa zonsezi, koma pa mutu wodyeka kale, kapini kakachoka mumapeza mwayi wogwiritsa Torx yathunthu, yomwe ndi yolimba ndipo imapirira kugogodedwa.

Zikakanika zonsezi, njira imatengera pamene mutu uli. Ukakhala poyera, pali pulayazi yopangidwira masikuluwu okanika, yokhala ndi mano oimirira kunsonga, monga Engineer PZ-58 ya ku Japan. Imagwira m'mphepete mwa mutu kuchokera pamwamba. Matani tepi yokhuthala kuzungulira musanayambe. Ngati mutu ndi wafulati kwambiri moti pulayazi sikugwira, dulani mng'alu ndi kadisiki kowonda ka Dremel kuti yafulati yaikulu ikhalemo. Boolani kachitsulo kopyapyala bowo lofanana ndi mutu, mukavindikire pamalopo kuti mutu wokha uzionekera, ndipo valani magalasi chifukwa timadisiki timeneti timasweka n'kuuluka. Dulani pang'ono, pumani, mutu uzizire. Masikuluwu aja omanga okha osamasula amachotsedwanso mwanjira ziwiri zomwezi.

Mutu ukakhala m'dzenje, monga ndikuganizira kuti wanu uli, disiki singafikeko. Yesani kaye kumata biti yoti simudzaifunanso m'mutumo ndi epoxy ya zitsulo, guluu wolimba uja, dontho lochepa kuti lisatayikire m'mbali, musiye tsiku lathunthu. Pa sikuluwu yosamangitsa kwambiri imakwanira. Ikalephera, ndiye nthawi ya mnzanu uja yakwana, koma pa sikuluwu imodzi yokhayi. Kapini kachoke kaye, apo ayi kakankhira biti kumbali. Kakachoka, dzenje la nyenyezi limasunga biti pakati lokha. Gwiritsani biti yodulira kumanzere, dirilu ikuyenda chobwerera, chifukwa nthawi zambiri biti ikaluma imatulutsa sikuluwu yonse musanamalize kuboola. Kukula kwake kufanane ndi thupi la sikuluwu, monga mamilimita 4 pa M4 kapena pa ya mainchi ya saizi 8-32, pakuti cholinga ndi kudula mutu wokha. Lowetsani kapaipi kachitsulo kowonda m'dzenjemo kateteze makoma. Yendetsani pang'onopang'ono, masekondi ochepa n'kuima, chifukwa sikuluwu ikatentha imasungunula mpando wake. Mutu ukathothoka n'kukwera pa biti, siyani. Mukachotsa ena aja mbali ziwirizo zilekana, ndipo kachitsa kotsalako mukagwira ndi pulayazi n'kukamasula mosavuta, popeza mphamvu yomanga inathera pamutu.

Tizitsulo tija ta matiredi obwerera tomwe amati totulutsira masikuluwu oduka sindimatikonda pa saizi yaing'ono chonchi. Ndi tolimba kwambiri koma tothyoka msanga, ndipo kakathyokera m'kati biti wamba singakaboolenso.

Potsegula, gonekani chogwirira ndipo mutukule mbali yapamwamba yokha, pang'onopang'ono. Mawaya am'kati ndi aafupi, ndipo kasipuling'i ka batani kamadumpha n'kusowa. Jambulani musanasunthe kanthu, makamaka njira imene mawaya adutsa, chifukwa potseka akapanikizika pamsoko mudzatsegulanso. Ngati m'katimo muli microswitch, kaswichi kakang'ono kotsekeredwa m'kabokosi ka pulasitiki, ina imapezeka, ingofananizani kukula ndi miyendo. Ngati ndi swichi ya timalilime tiwiri tachitsulo, panitsani kakhadi kolimba pakati pa nsonga zake mukakoke kangapo. Tupa kapena sandpaper imachotsa chokutira cha pa nsongazo, swichi n'kuyamba kuda msanga.

Pogula sikuluwu ina yolowa m'malo, tengani imodzi yabwino muifananize, osangoyerekeza ndi maso. Sikuluwu ya mainchi ya 10-32 ndi ya M5 zimafanana kwambiri moti ina imatha kulowa pa inzake mizungulo ingapo kenako n'kuyamba kulimba kapena kugwedera, ndipo 8-32 ndi M4 zimasiyana matiredi ngakhale kunenepa kuli pafupi. Onaninso kutalika, yaitali kwambiri imakaboola mbali inayo kapena kuluma waya. Ngati makinawo akhala m'nyumba mwanu, palibe chifukwa chobwezeretsa a kapini. Ikani a Allen kapena Torx wamba akuda a mutu wozungulira, akale aja muwasunge m'kathumba m'kati mwa kabati, chifukwa wodzagula amene amakonda zinthu zoyambirira adzawafunsa. Ngati aziima pagulu, bwezerani a kapini, kiyi wake mumumangirire m'kati mwa chitseko cha ndalama.

Pomanga musapake Loctite pafupi ndi pulasitiki, imaing'ambitsa pakapita nthawi. Sikuluwu ikamalowa m'pulasitiki mwachindunji, yambani mwaizunguza chobwerera mpaka mumve yagwera m'njira yake yakale, kuti isadule matiredi atsopano. Lowetsani onse theka, yesani batani ndi multimeter mbali ziwirizo zikadali zomasuka, kenako mangani mosinthanasinthana mutagwira kiyi ndi zala ziwiri kufupi ndi popindikira, ndipo msoko ukangotsekeka muleke.